Pakamwa pa Bambo Sipoko

Tusekele anavala mahedifoni n'kutembenuzira mpando wake kukhoma kuti anzake asamuone nkhope. Situdiyo yawo inali chipinda chimodzi kuseri kwa shopu ya matayala ku Biwi, makoma ake atamatidwa mathireyi a mazira kuti phokoso la owotcherera zitsulo lisalowe. M'menemo ndimo ankapangira katuni ya ana yoonetsedwa pa kanema Loweruka lililonse m'mawa. Tusekele ndiye ankalemba nkhani zake, ndiponso ndiye ankajambula pakamwa pa anthu a m'katuniyo. Ankayamba atepa mawu, kenako iye n'kumawamvetsera pang'onopang'ono, akujambula milomo kuti iziyenda limodzi ndi liwu lililonse.

Ana ankakonda kwambiri Bambo Sipoko, wokonza njinga wa chipewa chobooka. Amene ankamuyankhulira anali bambo ake a Tusekele, omwe anamwalira mu Marichi. Magawo omwe anatepa asanadwale anali atatsala awiri okha, ndipo a kanema ankafuna ena atsopano.

Ndiye chifukwa chake Mayi Annette, mkulu wa situdiyoyo, anabweretsa Pemphani, katswiri wa masewero a pa wailesi. Pemphani anamvetsera matepi akale kwa sabata yathunthu, ndipo zomwe zinali m'makutu mwa Tusekele tsopano zinali zoyesera zake. Zonse zinalimo: katchulidwe ka ku Karonga kwawo kwa bambo ake, kaphokoso kapakhosi, ngakhale kuseka kuja kongoyambira m'mphuno. Tusekele anagwira cholembera, koma dzanja linakana.

Mayi Annette anamukoka phewa mofatsa. Anati akumvetsa, koma ng'oma ikang'ambika gule saleka, anthu amakunga ina. Ana sadzazindikira kanthu, ndipo gawo loyamba likufunika Lachisanu.

"Achemwali, ngati ndalakwitsa penapake mundiuze," anatero Pemphani, chipewa chili m'manja. "Musandiope, ine ukali wanga umathera pa maikolofoni."

Tusekele anangoti palibe cholakwika. Vuto lake linali lomwelo.

Mu minibasi yopita ku Area 25 anakhala pawindo, foni ili m'manja. Kondakitala ankakangana ndi mayi wina za dengu la tomato, anthu akuseka, iye osamva n'komwe. Chiyambireni Marichi, amayi ake ankasita zovala Loweruka m'mawa atafulatira kanema. Zithunzi analibe nazo ntchito. Ankangofuna mawuwo azimveka m'nyumba. Nanga tsopano awamve amuna awo akunena zinthu zomwe sananenepo?

Anawapeza pakhonde akusankha nyemba. Anangoika foni pamkeka n'kutsegula mawu a Pemphani. Zala za amayi ake zinaima m'lichero. Anamvetsera mpaka kumapeto, nkhuku zikutola nyemba zomwe zinagwa.

"Mwana wa ndani ameneyu?"

"Wa pa wailesi, amama. Akufuna azikhala Bambo Sipoko."

"Waluso," anatero amayi ake, n'kuyambanso kusankha. Patapita kanthawi anawonjezera kuti bambo ake akafuna kunena nthabwala ankayamba apuma kaye, chifukwa inkawaseketsa okha isanatuluke. Uyu sakupuma. Akudziwa kale komwe mawu akupita.

Tusekele anadikira kuti amuuze chochita, koma iwo anangomutuma kukatenga mphika.

M'mawa mwake anafika ku Biwi mashopu asanatsegule. Anatsegula kompyuta n'kulowa momwe ankasungamo zotayidwa: mawu olakwika, kutsokomola, macheza omwe maikolofoni inkatola anthu ataiwala kuzimitsa. Anamva bambo ake akudandaula kuti mahedifoni akuwafinya makutu. Anawamva akufunsa ngati Bambo Sipoko sangapatsidweko mkazi, poti munthu wamkulu chotere kugona yekha m'shedi n'zochititsa manyazi mpingo. Tusekele anaseka yekha m'chipindamo, kuseka kwake n'kumezedwa ndi mathireyi aja. Chakumapeto kwa tepi ina anapeza bambo ake akutsanzikana ndi a mu situdiyo. Anapuma kaye, kenako anati: "Ine basi, ana inu. Njinga zinazo mukonza nokha."

Pomwe Mayi Annette ankafika n'kuti masamba atatu ali patebulo pawo. Mu gawo latsopanolo, Bambo Sipoko ankapereka sipanala kwa mphwake wochokera ku Kawale, n'kukwera basi yopita kumudzi. Woyankhulira mphwakeyo adzakhala Pemphani, ndi mawu akeake. Bambo Sipoko ankayankhula kamodzi kokha, pakhomo la basi, ndi mawu otsanzikira a pa tepi aja.

Mayi Annette anawerenga kawiri. Anati ana adzalira, ndipo a kanema akhoza kukwiya, poti Bambo Sipoko ndiye ankakoka anthu. Anamufunsa ngati akudziwa kuti akamukweza basi imeneyo sadzamubwezanso.

"Ndikudziwa," anatero Tusekele. Kanali koyamba kuwayang'ana m'maso. "Koma pakamwa pawo sindingaikepo munthu wina."

Mayi Annette anapinda masambawo n'kutuluka panja kukaimba foni. Atabwerako sananene zambiri. Anangouza Pemphani kuti aiwale za Karonga, ayankhule ngati mnyamata wa ku Kawale. Pemphani anati zimenezo ndiye sizikufunika sabata yophunzira.

Masana onse Tusekele anakhala pakona pake ndi mawu asanu ndi atatu aja. Anajambula kupuma kuja, mapewa akukwera pang'ono. Anajambula milomo ikutseguka, ikuzungulira, ikufutukuka. Chithunzi chomaliza chinali chosavuta kuposa zonse: kamzere kamodzi, pakamwa potseka. Anzake anaweruka mmodzimmodzi, owotcherera kunja anazimitsa makina awo, iye akadali chigwirire cholembera. Kenako anakoka kamzereko, n'kukapinda pang'ono kumapeto kwake.