Mwana Amene Anagwira Burashi

Tsiku limene Yaya anakwanitsa chaka chimodzi, anamukhazika pabedi n'kumuyalira zinthu patsogolo monga mwa mwambo: sizasi, supuni, anyezi ndi burashi yolembera. Chimene mwana wayamba kugwira, ndilo tsogolo lake. Yaya anakwawa n'kukatola burashi, nyumba yonse m'manja phaphapha. Mayi ake, Shulan, mtima unakhala pansi: uyu ndi wa sukulu, za iyeyu zatheka kale. Sabata isanathe anakwera sitima ndi mwamuna wake kukagwira ntchito ku fakitale ya nsapato mumzinda wakutali wa Dongguan, mwana n'kusiyira apongozi ake aamuna, a Dang.

A Dang sanali munthu woipa ayi. Phala la mapira mwana ankadya, majuzi ankavala atatuatatu. Koma kucheza ndi khanda? "Andiyankha chiyani ameneyu?" Mbuzi zawo zinkamvako mawu ambiri kuposa mdzukuluyo. Ndipo mudzi wonse unkamutama Yaya kuti ndi mwana wofatsa, wosasokosa.

Patatha zaka zisanu ndi chimodzi, Shulan anaitanidwa kusukulu. Mphunzitsi Kou sanazungulire.

"Mayi a Yaya, anzake akuwerenga mawu mazana atatu. Wanuyu ngakhale dzina lake likumukanika, ndipo akugwetsa kalasi yonse. Pitani naye kuchipatala akakulembereni kalata yoti mutu wake sugwira bwino. Mayeso ake tizingowasiya, iye azikhala kumbuyo mwamtendere."

"Aphunzitsi, mwanayu anagwira burashi."

"Theka la kalasi yanga linagwira burashi, mayi."

Shulan anatuluka atakwiya kwambiri. Ankadziwa kuti kalata yotere ikalembedwa, palibe mphunzitsi amene adzamufunsenso funso mwanayo. Kuchipatala anapita, koma kuti akamutsutse Kou.

Dokotala, mayi wa imvi, anayeza makutu ndi maso, kenako anaonetsa Yaya chithunzi cha galu akuthamangitsa bakha. "Tandiuza, mwanawe, chikuchitika n'chiyani apa?" Yaya anangoti duu.

"Mwanayu sakudwala," anatero dokotala. "Mawu ndi amene alibe. Angazindikire bwanji papepala mawu amene sanawamvepo? Mumacheza naye?"

"Lamlungu lililonse pafoni, sindinadumphitsepo."

"Tachezani naye, ndimve."

Shulan anagwada n'kumugwira mwanayo mapewa. Asanatsegule n'komwe pakamwa, Yaya anayankha msangamsanga, maso ali pansi: "Ndadya. Ndikumvera agogo."

Manyazi anamugwira Shulan, ndipo mtima unamupweteka kwambiri. Zaka zonsezi mafunso ake anali awiri omwewo, wadya kodi, ukumvera agogo kodi, foni n'kudula chifukwa belu la fakitale lalira.

Dokotala anatsitsa mawu. "Sizinachedwe kwenikweni. Pakakhala munthu womufotokozera nkhani tsiku ndi tsiku, kumufunsa, kumudikira ayankhe, kalata sindilemba. Pakapanda munthu, popanda kalatayi adzakhala wokalipiridwa m'kalasi chaka chonse. Alipo?"

Shulan anaganiza za a Dang ndi mbuzi zawo. Anaganiza za tikiti ya sitima ya mawa imene inali m'thumba mwake, ndi za kapitawo amene anamupatsa masiku anayi okha, apo ayi asabwerenso.

"Lembani, adokotala," anatero.

Yaya anasendera pafupi ndi tebulo, n'kumayang'anitsitsa cholembera chikuyenda papepala.