Mjigo Umene Aliyense Ankauopa

M'mudzi watsopano, kumene anthu a ku Moatize anasamutsidwira chifukwa cha mgodi wa malasha, mjigo unayamba kulira ngati chitseko chadzimbiri. Onse anaumva, koma palibe ananena. Komiti ya madzi inali itaika lamulo lakuti mjigo ukathyokera m'manja mwako, uukonze wekha.

Amayi anayamba kuulambalala n'kumakatunga madzi akuda kukhwawa. Pasanathe sabata Denilson wa zaka ziwiri, mlongo wake wa mtsikana wina dzina lake Rebeca, anatsegula m'mimba.

"Mama, ndikapope ineyo," anatero Rebeca.

"Iwe! Ukathyoka tigulitsa chiyani? Mbuzi ndi imodzi yomweyi."

Rebeca anali wamanyazi, wa aja odziwa yankho m'kalasi koma osakweza dzanja. Komabe atabwera a Leopoldina, mayi wa ku ofesi ya madzi ya distiritu, anawatsatira mpaka pagalimoto n'kuwanong'oneza zonse.

"Mwanawe, lamulo lili ndi mafunso awiri," anatero a Leopoldina. "Ophunzira malamulo amafunsa kuti wolakwa ndani. Ophunzira zachuma amafunsa kuti anthu akalimva adzatani. Lanuli linayankha loyamba lokha."

"Ndiye mukawauze."

"Ayi. Wamwa madziwo ndi mlongo wako. Ukanene wekha, ine ndikhala pambali pako."

Pamsonkhano wa mudzi wonse Rebeca anaimirira n'kupempha kuti lamulo lija lisinthe.

"Ha, kaduu kaja kali ndi pakamwa?" anaseka a Aníbal, wapampando wa komiti. "Popanda chilango anthu saopa kuwononga."

"Akuopadi, amalume," anatero Rebeca, maso ali pansi. "Akuopa ndi kupopa komwe. Mjigo umatha ndi manja a tonse, osati a womaliza yekha. Kwanuko munatungapo liti pamjigopo?"

"Ngakhale ine anandiletsa bamboyu!" anafuula akazi awo a Aníbal.

Bwalo lonse linafa ndi phwete. A Aníbal anavula chipewa n'kukanda mutu.

Tsiku lomwelo anasintha lamulo. Banja lililonse lizipereka mbale ya chimanga yothandizira kukonza, wowononga dala azilangidwabe, koma woyamba kunena vuto azitunga osaima pamzere sabata yathunthu. Mmisiri atamasula mjigo anapeza kuti chinatha ndi kamphira kamodzi basi.

Denilson anachira. Woyamba kupopa anali Rebeca, amayi akumululutira.

Poika lamulo tisamangofunsa kuti tilanga ndani. Tizifunsanso kuti anthu akalimva adzatani, poti aliyense amateteza kambuzi kake.