Matumba a Ndere m'Shedi

"Mbewa zako zili bwanji?" Cathal anafunsa uku akutsuka makapu omwe anthu a pamaliro anamwera tiyi. Sanacheuke n'komwe.

Sorcha, mlongo wake wamng'ono, anasiya kudula buledi. Linali tsiku lachitatu chiwaikireni m'manda bambo awo, a Colm Conneely, omwe moyo wawo wonse ankadula ndere m'matanthwe a ku Connemara nyanja ikaphwera. Khansa inali itagonja, koma mankhwala ake anawapsereza impso.

"Achimwene, chonde."

"Ndangofunsa. Zaka zisanu ndi ziwiri uli m'labotale ku Galway, kufinya ndere zomwezi, kuziika m'timibulu tosaoneka ndi maso ati tikatchinjirize impso. Mbewa zomwe mumayeserapozo zikuchira, eti? Nanga bambo?"

"Sanatilole kuyesa pa anthu. Mukudziwa."

"Chomwe ndikudziwa n'choti katatu pa sabata ndinkawanyamula ndine kupita nawo ku makina osefa magazi. Iwe unkangoimba foni Lamlungu."

Sorcha anaika mpeni pathebulo. Kawiri konse m'mbuyomo anali atatengapo kabotolo ka mankhwalawo m'firiji ya kuntchito kuti akawapatse bambo, koma n'kukabwezera poopa kuti kangawaphe msanga.

Mayi awo, a Nóirín, anadzuka pampando n'kuvala jekete ya malemu.

"Nonse awiri, nditsateni."

M'shedi ya kuseri kwa nyumba munali matumba khumi ndi limodzi a ndere zouma. Lililonse linali ndi kapepala kolembedwa tsiku, dzina la thanthwe, ndi mawu akuti "Za Sorcha".

"Anadula liti zimenezi?" Cathal anadabwa. "Si adokotala anawaletsa?"

"Iwe ukangopita ku nkhosa, iwo uyo kunyanja. Ine pambuyo, nditanyamula mpeni." Mayi anapukuta mphuno. "Ndinawafunsa, 'Bambo a Cathal, mukudzipheranji?' Akuti, 'Mwanayu ananena kuti za m'matanthwe athu ndiye zamphamvu. Ine mankhwalawo sandipeza, koma ku makina kuja timakhala anthu ambiri.'"

Sorcha anagwada, nakumbatira thumba limodzi, n'kulira kulira komwe kunamukanika kumanda.

Cathal anawerenga timapepalato kamodzikamodzi. Thumba lomaliza linali theka chabe, zilembo zake zokhotakhota, tsiku lake kutatsala sabata kuti bambowo atsirizike. Chingwe bambowo anali atangochikulungiza kukamwa kwa thumba. Zala zawo zinalibenso mphamvu zomangira mfundo.

Cathal anachigwira chingwecho. Kenako anachikoka, namanga mfundo, n'kuliika thumbalo paphewa.

"Galimoto yako waimika pati, mlongo?"