Mavoti Asanu ndi Anayi a ku Kelubi

Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi, anzanga ena adayamba kulima maluwa, ena kulera zidzukulu. Ine ndidalibe dimba, ndidalibenso mdzukulu, popeza sindidakwatiwe. Zaka zomwe anzanga ankamanga mabanja ine ndinkadwazika amayi, ndipo atamwalira ndidatsala ndekha m'zipinda zitatu pamwamba pa sitolo ya zitsulo ku Kampar. Dzina langa ndine Foong Wai Kuen, koma tauni yonse imangonditchula kuti Cikgu, monga timaitanira mphunzitsi aliyense kuno, ngakhale choko ndidachisiya kalekale.

Ntchito yomwe ndidadzipatsa idali yotolera zotsatira za zisankho zakale za kuno ku Perak, chigawo chathu. Chiwerengero chonse cha dera la phungu aliyense angachipeze m'nyuzipepala zakale. Ine ndinkafuna cha malo oponyera voti amodziamodzi: sukulu iyi idavota chonchi, holo iyo chonchi. Manambala a zisankho zaposachedwa savuta. Ovuta ndi a zaka za m'ma 1990, omwe ambiri adangotsala pa mapepala amene mamonitala ankapatsidwa kuwerenga mavoti kukatha. Ndinkayenda m'maofesi a zipani ndi m'nyumba za akazi amasiye a andale, n'kumafukula makatoni odyedwa ndi chiswe. Ndikapeza pepala ndinkalijambula, kulemba manambala ake m'kompyuta, n'kuwaika pa tsamba langa la pa intaneti pamodzi ndi mapu, kuti wofuna atenge mwaulere.

Mlongo wanga wamng'ono, yemwe amakhala ku Singapore, ankandiimbira kamodzi pamwezi.

"Ka Che, achemwali anga, zinthu zanuzo amawerenga ndani?"

"Ophunzira a ku yunivesite."

"Angati?"

"Sabata yatha atatu."

"Pa atatuwo awiri ndinu nomwe."

Sankanama kwenikweni.

Pa mapu anga a chisankho cha 1995 padali kadera kamodzi koyera, kopanda nambala. Dera la phungulo lidali ndi malo oponyera voti khumi ndi asanu ndi awiri, ndipo ndidali ndi mapepala a malo onse kupatula amodzi: sukulu ya Chitamil ya pa esiteti ya labala ya Kelubi. Esitetiyo idagulitsidwa, nyumba za antchito zidagumulidwa, sukulu nayo kulibe. Ndikadatha kuchita masamu ochotsera, koma mavoti otumiza pa positi ankasokoneza, komanso sindilemba nambala yomwe sindidaione papepala. Ndidangoika chilengezo ndi nambala yanga ya foni. Padapita zaka ziwiri.

Lachiwiri lina m'mawa ndikusita, foni idalira.

"Kodi ndi Cikgu wa manambala?" Adali mawu a bambo wachikulire, olankhula mokweza ngati munthu wosamva bwino. "Mwana wanga wamkazi wa ku Klang waona chilengezo chanu. Pepala la ku Kelubi lili ndi ine."

Ndidazimitsa simbi. "Munali monitala?"

"Monitala anali mkazi wanga. Ine ndinali ambulera."

Pa chisankhocho adaima anthu atatu: awiri a zipani zikuluzikulu ndi mmodzi woima payekha, K. Kathiravelu, yemwe chizindikiro chake chidali ambulera. Dzinalo ndidali nditalilemba kambirimbiri, koma sindidaganizepo kuti mwini wake angakhale ndi mawu.

Ankakhala kunja kwa mzinda wa Ipoh, pa nsanjika yachinayi ya nyumba zija zogona mabanja ambirimbiri. Adali munthu wamtali, wowonda, zala zake zodzaza zipsera za mpeni wochekera mitengo ya labala. Adati ndizimutchula kuti Velu. Pakhoma padali chithunzi cha malemu mkazi wake Vasantha, chovekedwa nkhata ya maluwa. Adandipangira tiyi wamkaka wotsekemera mopitirira, kenaka adatulutsa chitini cha mabisiketi. Pepalalo lidali mupulasitiki, pamodzi ndi setifiketi ya ukwati.

Ndidaliwerenga nditaimirira. Ovota 438. Chipani cholamula 301, chotsutsa 121, mavoti owonongeka 7. Ambulera 9.

"Mwaona?" adatero. "Khalani pansi, Cikgu. Sililuma."

Adandiuza nkhani yake osandiyang'ana. Adayamba kucheka mitengo ali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo adadzakhala mlembi wa bungwe la antchito pa esitetipo. Chaka chimenecho padamveka mphekesera yoti kampani igulitsa malo, anthu achoke popanda kuwapatsa nyumba. Adasonkhana pabwalo la kachisi, ndipo anthu adamuuza kuti aime pa chisankho, onse ali pambuyo pake. Adamunyamula m'mapewa kuzungulira kachisi. Amayi adasoka maambulera a nsalu pa malaya a ana awo.

"Ine, Vasantha, mayi anga, mlamu wanga. Anayi," adatero akuwerenga zala. "Asanu enawo sindikuwadziwa mpaka lero. M'mawa mwake tikupita kumitengo, aliyense ankandigwira mkono, 'Anna, achimwene athu, ine ndinakuvoterani, enawa ndi amene akuperekani.' Ndinawerenga mpaka anthu zana limodzi ndi khumi, ndinasiya."

"Munawakwiyira?"

"Ankaopa. Kapitawo anayenda khomo ndi khomo kuwakumbutsa kuti masiku ano mavoti amawerengera pasukulu pompo. Sangadziwe kuti uje wavota bwanji, koma adziwa kuti Kelubi yavota bwanji." Adaloza pepala lija ndi chibwano. "Manambala mumawakondawa, Cikgu, ife ankatiopseza nawo."

Zaka zonsezo ndinkaona mapepala amenewa ngati chuma chotayika.

Adati kuyambira pamenepo adasiya kupita ku zikondwerero za kukachisi. Sikuti ankadana ndi anthu, koma ankati akayang'ana nkhope ya munthu ankayamba kuwerenga. Esiteti itagulitsidwa patapita zaka ziwiri, mabanja adamwazikana, ndipo iye sadafunefune aliyense.

"Dzina langa lioneka pa intaneti panupo?"

"Lilipo kale, Encik Velu," ndidatero, kumutchula kuti bambo monga timachitira kuno.

"Ndi naini wakeyo?"

"Mukalola."

"Onjezani kaziro kumapetoku. Adziwa ndani?"

Adaseka, inenso ndidaseka, koma maso ake adakhala pa ine kanthawi. Ndidapukusa mutu.

"Aphunzitsi ndinu ofanana nonse," adatero. "Jambulani."

Nditajambula ndidatsegula kompyuta yanga kuti ndimuonetse malo ena onse aja. Iye ankangodziwa kuti m'dera lonse adapeza mavoti 212. Adalibe mamonitala kwina, ndipo Vasantha atabwera ndi pepala la ku Kelubi tsiku lija, iye adangolowa m'nyumba, kuholo yolengezera zotsatira osapitako. Adavala magalasi n'kumatsata mzere ndi chala. Apa atatu. Apa khumi ndi awiri. Apa asanu. Chala chidaima.

"Apa mwalakwitsa."

"Sindinalakwitse. Pepala lake ndili nalo."

"74? Parit Lapan? Kumeneko ndi kuti?"

"Ndi mudzi wa Amalayi, kuminda ya mpunga. Simunakachiteko kampeni?"

"Cikgu, ndinali ndi njinga yakapalasa imodzi. Sindinapondeko."

Ndikutsika masitepe adandiitana ali pakhonde. "Galimoto yanuyo imafika kuminda ya mpunga?"

Tidapita Loweruka. Adavala shati yoyera yosita bwino, ndipo adakhala mowongoka ngati akupita kukhoti. Ine ndinkayendetsa n'kumaona kuti ndikulankhula kwambiri. Ndidamuuza za amayi, za ana omwe ndidawaphunzitsa omwe pano ali ku Australia, za mbewa za m'sitolo ya pansi panga. Padali patapita nthawi yaitali munthu asadakhale pa mpando wa pambali pangawo.

Ku Parit Lapan tidapeza kanyumba ka khofi pafupi ndi mzikiti, m'mbali mwa ngalande. Mudali madala asanu kapena asanu ndi mmodzi. Ine ndinkachita mantha kufunsa, popeza voti ndi chinsinsi cha munthu, koma Velu sadazengereze. Atangopereka moni adafunsa wamkulu pa onse, yemwe anzake ankamutchula kuti Pak Seman, ndiye kuti Bambo Seman.

"Pak, mukukumbukira chisankho cha 1995? Panali ambulera."

Mkuluyo adaganiza, kenaka adamenya tebulo. "Chaka cha mlatho! Iwe Rosli, ukukumbukira? Madzi anakokolola mlatho, ana ankawoloka pa thabwa. Awa anabwera, tikumangirani. Awo anabwera, tikumangirani. Zaka zinayi! Ndiye tinapangana kuti onse awiri tiwakhaulitse, tivotere ambulera."

"Ine sindinavotere ambulera," adatero Rosli.

"Iwe unkaopa apongozi ako, tonse tikudziwa."

"Mwini ambulerayo munkamudziwa?" ndidafunsa.

"Ayi. Ankati ndi Mmwenye wina wa kuesiteti. Sitinamuonepo. Mwina anamwalira."

"Ndi awa," ndidatero.

Mudabuka phokoso. Adamupatsa moni wa m'manja mmodzimmodzi n'kumagwira pamtima. Mayi wogulitsa khofi adabweretsa mbale ya nthochi zokazinga. Wina adamukokera mpando wabwino.

"Olemekezeka! Mwatichedwera zaka makumi atatu!"

"Mlatho wathu uli kuti, Olemekezeka?"

"Anamanga, koma wang'ono. Tikufuna wina!"

Velu adaseka mpaka kutsokomola, misozi ikutsika. Sindidamuonenso akuseka chotero.

Phokoso litachepa Pak Seman adafunsa, "Koma inu munkafuna chiyani kwenikweni?"

Velu adaika kapu pansi. Adayamba pang'onopang'ono, kenaka mawu ake adasintha, adakhala a munthu wolankhula pamsonkhano. Adanena za mabanja omwe adacheka mitengo imodzimodziyo mibadwo itatu, za agogo ake omwe adaikidwa kuseri kwa kachisi, za lamulo lomwe ankafuna loti wantchito wa zaka makumi awiri asachoke pa esiteti wopanda denga. Ndidazindikira kuti adali mawu omwe adawakonza kale, ndipo sadaiwale ngakhale limodzi.

Madala aja adamvetsera mwaulemu. Ali pakati, kumzikiti kudamveka kuitana kwa mapemphero a masana. Adadzuka mmodzimmodzi akupepesa, kumugwira paphewa, n'kumatuluka. Velu adaima kaye, kenaka adamaliza zotsalazo motsitsa mawu, akuuza ine ndi mayi wa khofi uja, yemwe ankatsuka makapu.

Pobwerera, titafika pa msewu waukulu, adatembenukira kwa ine.

"Sanavotere ine," adatero. "Anavotera mlatho."

"Koma anawerengedwa kwa inu."

"Eya. Ndi anthu abwino." Adayang'ana kunja. "Ine ndimafuna asanu aja, Cikgu. Ndiwathokoze basi. Mwina ndinkawadutsa osawapatsa moni."

Sabata yomweyo ndidalemba manambala a ku Kelubi, ndipo chisankho cha 1995 chidakwanira. Ndinkayembekeza kuti ndisangalala kwambiri. Ndidangoyang'ana mapuwo kanthawi, n'kupita kukagula ndiwo.

Ndidayamba kupita ku Ipoh Loweruka lililonse. Ndinkamutengera zipatso, iye ankaphika mphodza ndi mpunga n'kumandinena kuti ndimadya tsabola ngati mwana. Ankakonda kuti ndimuonetse madera ena, makamaka kumene kudaima anthu oima paokha. Akaona wopeza mavoti ochepa kuposa iye ankaomba m'manja. "Uyu wa chizindikiro cha kiyi anapeza 88 yokha! Zachisoni. Ali moyo?" Tidachita zimenezi Maloweruka asanu ndi awiri.

Loweruka lachisanu ndi chitatu ndidapeza chitseko chili chotsegula, makatoni ali pakhonde. Velu adali atagwa pa masitepe Lachinayi, n'kuthyoka mkono, ndipo adakhala pansi nthawi yaitali asadapezeke womudzutsa. Mwana wake Malathi adali atabwera kudzamutenga kuti azikakhala naye ku Klang. Adali mayi wotopa, waulemu, wofulumira.

"Aunty, zikomo powayendera," adatero akumata katoni. "Amakutchulani kwambiri."

Ndidathandiza kukulunga mbale m'nyuzipepala. Velu adakhala pampando mkono uli pachifuwa, akutiyang'ana ngati katunduyo ndi wa munthu wina. Chithunzi cha Vasantha adachifungatira ndi mkono wabwinowo, adakana kuti chilowe m'katoni.

Tili pafupi kumaliza adandiitana.

"Cikgu, pa tsamba lanu pansi pa Kelubi paja pali malo olembapo?"

"Alipo."

"Lembani kuti amene anali pa asanu aja aimbe foni. Asatchule dzina ngati sakufuna. Angoimba."

Pa tsamba langa sindilemba mawu a munthu, ndimalemba manambala ndi kumene ndidawapeza. Ndidamuuza zimenezo. Adangondiyang'ana. Nditafika kunyumba ndidalemba mizere iwiri m'zilembo zing'onozing'ono, m'Chimalayi ndi m'Chingerezi, ndipo mphunzitsi wina yemwe ndinkagwira naye ntchito adandithandiza kuilemba m'Chitamil.

Ku Klang ndi kutali kwa munthu wa msinkhu wanga ndi galimoto yanga. Ndidapitako kamodzi. Nyumba idali yodzaza ana ndi phokoso la kanema, ndipo Velu sankamva theka la zomwe ndinkanena. Tidakhala moyandikana pa sofa kwa ola limodzi, kenaka ndidanyamuka kuti mvula isandipeze m'njira.

Tsopano amandiimbira Lamulungu masana, Malathi akamupatsa foni.

"Cikgu! Alipo waimba?"

"Palibe, Encik Velu."

"Mwati?"

"Ndati palibe!"

"Oho. Chabwino. Mwadya?"

Ndimayankha kuti ndadya, ngakhale ndisadadye. Amandiuza zomwe wadya iyeyo, kenaka ndimamva foni ikusuntha m'manja, ndi mawu a Malathi akuti, "Aunty, atopa, tidzaimbanso."