Kachitini ka Tsabola Kochokera ku Joni

Dzuwa litapendeka, banja lonse linali pakhonde ku Kanyenda. Madina ankapeta mpunga, mwana wake Nasra ali kumbuyo, koma mtima unali kwina. Mwezi wathawo anyamata awiri anamulanda beseni la usipa m'kanjira ka m'bango pochokera kudooko la Ngala. Chiyambireni matipate, nkhani zotere zinkamveka kawirikawiri, ndipo mwamuna wake, Ismail, anali atanenetsa kuti geni ya usipayo ithe.

Mchimwene wake wa Madina, Sufiyani, yemwe anali atangofika kumene kuchokera ku Joni, anapisa m'thumba n'kutulutsa kachitini kakuda, kotalika ngati chala.

"Achemwali, geni musasiye. Aka n'katsabola kopopera. Wakuba ukamuthira m'maso, amaiwala ndi dzina lake lomwe."

Madina anakatembenuzatembenuza, n'kukagwedezera kukhutu. Munkamveka timadzi. "Tsabola wake ndi uti? Kambuzi? Nanga akatha, ndingasinje wina n'kuthiramo?"

"Mafunso achuluka. Mungokamanga pamfundo ya chitenje ngati ndalama, basi."

"Alamu, zinthu za ku Joni n'zokoma pakamwa," anatero Ismail. "Kanthu kochepa chonchi kangaimitse mwamuna? Bweretsani ndione."

Ismail atakalandira anatsikira pabwalo, n'kukalozetsa kumtengo wa mango umene unali kummwera kwa nyumba. Inali nyengo ya mwera, ndipo mphepo inkachokera komweko. Atangodina, utsi wonse unabwerera kumaso kwake. Anakhala pansi mwadzidzidzi, akutsokomola, misozi ndi mamina zili chuchuchu.

"Thirani mafuta ophikira," anatero Sufiyani, akuzungulirazungulira.

Madina sanamvere. Anathamanga kukaitana Mayi Chande, namwino wopuma pantchito amene ankakhala kuseri kwa mzikiti. Iwo atafika anagwira manja a Ismail.

"Musatikite, bambo a Nasra. Mafutanso ayi, amangomatirira ululu pakhungu. Tengani madzi oyera ambiri, muzithira pang'onopang'ono, iwo aziphethira. Mwanayo mupite naye kutali."

Patapita nthawi maso anatseguka, ali psuu. Mayi Chande anafotokoza kuti ali pantchito mumzinda anathandizapo anthu opsa ndi utsi wokhetsa misozi, ndipo ululu wake ndi wofanana. Anaonetsa Madina kotsekera kake, komanso tsiku lothera mphamvu lolembedwa pansi pa kachitiniko.

"Posankha muziona ziwiri zimenezi. Ndipo musanayambe kuyenda nako, mukafunse kupolisi ngati malamulo akulola. Tsopano mukasunga pati?"

"Pamfundo, mayi, monga anenera achimwene."

"Mangani tione. Senzaninso beseni."

Madina anamanga mfundo yolimba monga mwa masiku onse, n'kusenza beseni la mpunga. Mayi Chande anayamba kumuyandikira mwakachetechete. Dzanja limodzi la Madina lili kubeseni, linalo linalimbana ndi mfundo kuti atulutse kachitini. Anayesa ndi mano, sizinatheke. Mayi Chande anafika n'kumutsina tsaya pang'ono.

"Ndakulandani kale, mwanangu. Mfundo ija timamangira kuti chinthu chisatuluke msanga. Aka kamafuna thumba losaya kapena m'manja. Muziyamba mwadziwa kumene mphepo ikuchokera, makamaka muli ndi mwana kumbuyo. Ndipo ntchito yake n'kukupatsani mpata wothawa ndi kukuwa, osati kumenyana. Akafuna usipa, asiyireni usipawo."

"Ndiye kuti sikokwanira pakokha?" anafunsa Madina.

"Ayi. Mlonda wamkulu ndi anzanu. Amayi ogula usipa mulipo ambiri m'mudzi muno, koma aliyense amanyamuka yekha mobisa kuti akafike msanga kudooko."

Madina anaseka mwamanyazi chifukwa zinali zoona. Anayang'ana mwamuna wake. Ismail, nsalu yonyowa ili kumaso, anati, "Mukamayenda m'gulu, kunja kutayera, ine mawu ndilibe."

M'mawa mwake amayi ena atatu anaima pamsewu ndi mabeseni awo, akumuitana kuti afulumire. Madina anaika kachitini kaja posafikira ana mpaka atakafunsa kupolisi, anasiya Nasra m'manja mwa bambo ake, n'kutenga nkhata yake, ulendo wa ku Ngala.

Phunziro: Chida chodzitetezera chimathandiza munthu amene wachiphunzira, wachisunga pofikirika ndiponso kutali ndi ana. Koma chisatipusitse kuti tiziyenda tokha m'njira zoopsa.