Supuni ya Bambo

Anthu a mumsewu wawo ankamutchula kuti Mlembi, ngakhale analibe ofesi. Ntchito yake inali yomvetsera mawu ojambulidwa pamisonkhano n'kuwalemba pakompyuta, liwu ndi liwu, ali patebulo la pabalaza. Inali misonkhano ija anthu amalankhulira pamodzi ngati achule a m'dambo, wina akutsokomola, wina akukoka mpando, koma bwana ankafuna kuti zonse zituluke zoyera.

Kuseri kwa khoma kunkagona bambo ake. Masiku awo anali mmisiri wokhoma zidebe, ndipo oyandikana nawo anadandaula za phokoso la hamala yawo kwa zaka makumi atatu osaphula kanthu. Sitiroko inachita tsiku limodzi zimene anthuwo analephera. Inawalanda mawu, mwendo ndi dzanja lamanja. Chimene chinatsala ndi supuni. Akafuna madzi, kutembenuzidwa kapena kupita kuchimbudzi, ankagogoda nayo kapu yachitsulo ndi dzanja lamanzere, ngwe ngwe ngwe, ndipo mwana wawo ankadzuka.

N'chifukwa chake Mlembi ankagwira ntchito ndi khutu limodzi. Kahedifoni kamodzi kankakhala m'khutu lakumanja, kena kali lende pachifuwa. Khutu lakumanzere linali la bambo. Koma khutu limodzi silingakwanitse msonkhano wa anthu khumi. Lachiwiri lina bwana anaimba foni iye akuwasambitsa bambo, manja ali thovu lokhalokha, ndiye anangoikweza foniyo kuti izimveka chipinda chonse.

"Aka n'kachitatu ndikukubwezerani ntchito," anatero bwana. "Mayina mwasokoneza, ndime yathunthu mwaidumpha. Ndikudziwa muli ndi matenda pakhomo, koma zikachitikanso ndipatsa wina. Kagureni mahedifoni enieni, otseka makutu onse awiri."

Mlembi anayankha kuti wamva. Bambo ankayang'ana kudenga ngati nkhaniyo sikuwakhudza, ndipo iye, potopa, anakhulupirira zomwezo.

M'mawa mwake anapempha mayi woyandikana naye kuti akhale ndi wodwalayo, iye n'kupita kusitolo ya zamagetsi. Wogulitsa anali mkulu wina wadazi, wolongolola ngati wailesi. Anayala katundu pagalasi asanafunsidwe.

"Funso langa ndi limodzi, achemwali. Muzikamvera muli kuti? Ngati mumathamanga m'mawa, tengani iti tosomeka m'khutu, sitigwa. Ngati mumakonda nyimbo zogunda pamtima, ndi awa. Koma akuluakuluwa ndiye akamuna. Amameza phokoso lonse. Apongozi akhoza kumalalata pambali panu, inu n'kumangomwetulira."

Anamuveka akuluakuluwo. Msewu wonse unazima, mahutala ndi njinga zamoto zomwe, ndipo pakamwa pa wogulitsayo pankangoyenda popanda mawu. Panali patapita miyezi khumi ndi inayi Mlembi asanamve bata lotere, ndipo tisanamizane, analikonda. Analikonda mpaka manyazi anamugwira. Anawavula msanga, natsegula chikwama n'kutulutsa supuni ndi kapu yachitsulo zimene anatenga kukhitchini.

"Achimwene, mundithandize. Lowani kuseri kwa chitseko icho, mutseke, muzigogoda. Osati mwamphamvu ayi. Ndi dzanja lamanzere, ngati munthu wofooka."

Wogulitsa anatsegula pakamwa kuti aponye nthabwala, koma ataona nkhope yake anaimeza. Anatenga zinthuzo n'kulowa.

Mlembi anayesa mitundu isanu akumvetsera msonkhano wa pafoni yake. Atavala akuluakulu aja, supuni sinkamveka n'komwe. Ndi tosomeka m'khutu inkamveka ngati ili pansi pa madzi. A nyimbo zogunda ankasandutsa mawu a anthu matope. Omaliza anali osagwira maso, opepuka, okhala ndi timabowo kunja kwake ngati sefa. Atawavala, mawu a msonkhano anamveka bwinobwino m'makutu onse awiri, ndipo chapatali, kuseri kwa mawuwo, kunkamveka ngwe ngwe ngwe.

"Amenewo anthu sawakonda," anatero wogulitsa potuluka. "Amati amalowetsa za kunja."

"Ndi omwewa ndikufuna."

"Akudwala ndani?"

"Bambo anga."

Mkuluyo anawakulunga bwinobwino n'kumupatsa.

Madzulo ake anadutsa pakhomo la chipinda cha bambo atawavala, makutu onse ataphimbika. Bambo anamuona. Iye sanawafotokozere chilichonse. Ndi mmene timachitira anthufe, munthu akasiya kulankhula timaiwala kuti akadamva ndiponso akadaganiza.

Lachinayi analemba kuyambira m'mawa mpaka masana, supuni ili zii. Lachisanunso chimodzimodzi. Akalowa kukawadyetsa ankawapeza ali phee, kapu ili yodzaza, ndipo ankathokoza Mulungu kuti thupi layamba kuwapatsa mpumulo. Bwana anatumiza uthenga wakuti apa ndiye ntchito yagwirika. Mlembi anauwerenga katatu, ndipo kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho anaimba nyimbo akutsuka mbale.

Loweruka, posintha nsalu za pabedi, anakoka matiresi ndipo china chake chinagwa pansi n'kulira. Inali supuni ija. Sinagwe yokha ayi, inachita kukankhidwira pakati pa matiresi ndi khoma, mbali ya dzanja lamanzere. Anayang'ana kapu. Madzi anali omwe aja anathira Lachinayi, fumbi litayandama pamwamba. Anayang'ana milomo ya bambo, yong'aluka ngati nthaka ya m'chilimwe. Atawatembenuza anapeza pantchafu patasupuka chifukwa chogonera mbali imodzi. Apo m'pamene anazindikira kuti bambo anasiya kumwa madzi kuti asamafune kuchimbudzi.

"Bambo, mwatani kodi?"

Bambo anakweza dzanja lamanzere n'kuphimba khutu. Kenako anayendetsa zala pabulangete monga amachitira iye pakompyuta, n'kukupiza dzanja kuti iye azipita.

Mtima unamuwawa kuposa tsiku limene anawapeza atagwa pakati pa zidebe. Anathamangira pabalaza, anatenga mahedifoni aja n'kuwaveka bambowo, natsegula msonkhano pafoni. Kenako anatuluka ndi supuni ndi kapu, anatseka chitseko n'kugogoda pang'onopang'ono, ndi dzanja lamanzere.

"Mwamva?" anafunsa atabwerera. "Ndimamva, bambo. Ndinachita kusankha dala. Ndinayesa mitundu isanu, ndinapita ndi supuni kusitolo konko, wogulitsa anandiyesa wamisala. Muzigogoda. Ngakhale kakhumi, muzigogoda."

Bambo anagwedeza mutu, misozi ikutsetserekera kumakutu mpaka kunyowetsa mahedifoniwo. Anawapatsa madzi atsopano ndipo anamwa kapu yonse, n'kumwanso theka la ina. Anawaikira supuni m'dzanja, nawapinda zala chimodzichimodzi.

Lolemba anakhala patebulo ndi ntchito yatsopano. Ola loyamba linatha, lachiwiri linatha. Anavula nsapato n'kupita monyang'ama kukasuzumira. Bambo anali maso, supuni ataigoneka pachifuwa ataigwira zolimba, kapu ili pafupi ndi chigongono. Ankanyambita milomo. Atangomuona anatsinzina kuti aoneke ngati ali m'tulo. Munthu amene msewu wonse unalephera kumutontholetsa zaka makumi atatu anali atadzitontholetsa yekha, ndipo mwana wake sankadziwa kuti amuyambitse bwanji.

Anawamwetsa madzi, anawatembenuza, n'kubwerera patebulo. Anavala mahedifoni ake n'kutsegula msonkhano. Anthu khumi ankalankhula, liwu lililonse likumveka bwinobwino, koma zala zake zinangokhala pakompyuta osalemba kanthu. Makutu onse awiri anali kuseri kwa khoma, akudikira supuni.