Zala Ziwiri za a Telala

Fumbi linali likadali kobo m'nyumba pamene alamu anatulukira pakhomo, akukankha chikuku cha olumala chopanda munthu.

"Odi kuno! Kodi muno mukukhala anthu, kapena mwadutsa chivomezi?"

A Telala anatuluka kuchipinda ali mbuu kuyambira kumutu mpaka kuphazi, tepi yoyezera zovala ili m'khosi monga mwa masiku onse. Makina awo osokera anali atafundidwa nsalu pakona kwa milungu itatu. Akazi awo, amene iwo ankawatcha Abwana chikwatiranireni, anali m'chipatala mwezi wachinayi atavulala msana pa ngozi ya pamsewu. Adokotala sanabise mawu: moyo ulipo, manja ali ndi mphamvu, koma miyendo ndiye ayi. Abwana ankatuluka m'chipatala Loweruka, ndipo tsikuli linali Lachinayi.

Tsono nyumbayo inali nkhalamba yeniyeni. Makoma ake anali ochindikala, koma makomo a m'kati ang'onoang'ono ngati anamangira anthu osadya. A Telala anakana kuitana mmisiri. "Munthu wodula suti angalephere khomo?" ankatero. Anagula nyundo ndi simenti, nakonza okha potsetsereka pamene panali masitepe, natseka maenje a pansi, kenako nagumula khomo la kuchipinda n'kulikulitsa. Felemu yatsopano inali italowa dzulo lake, penti ikununkhabe.

Alamuwa anali achemwali awo a Abwana, namwino wopuma ntchito, mayi wosadziwa kunong'ona. Anali atanena kale poyera kuti nyumba ikapanda kukonzeka, mng'ono wawo amutengera kwawo, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi, kunyumba yatsopano ya makomo aakulu. Mawu amenewo ndi amene ankawasowetsa mtendere a Telala. Ankaopa kwambiri, pakuti ankadziwa kuti munthu akakhazikika kwina, kubwerera kumavuta.

"Taonani ntchito, alamu," anatero a Telala akusisita felemu. "Chikukuchi ndinachiyeza ndekha kuchipatala, kuchokera tayala ili kufika tayala ilo. Ndinawonjezerapo zala ziwiri, monga timachitira posoka."

Anachikankha chikukucho ndipo chinadutsa pakhomo bwinobwino, osakhudza paliponse. Anatembenuka akumwetulira mpaka m'makutu.

Alamu sanaseke. "Khalanimo."

"Ine? Ine ndili ndi miyendo yanga."

"Mng'ono wanga analinso nayo. Khalanimo, mudziyendetse nokha."

Mawuwo anawalasa. A Telala anakhala m'chikukumo mwamanyazi, nagwira matayala uku ndi uku, nakankha mwamphamvu kuti nkhani ithe msanga. Khoo! Zala za manja onse awiri zinamenya felemu nthawi imodzi.

"Mayo ine!"

Khungu linasupuka, magazi n'kuyamba kudontha pa penti yatsopano ija.

"Mwayeza chikuku, mwaiwala munthu," anatero alamu, akutulutsa kale bandeji m'chikwama. "Manja ake aziika kuti, m'thumba? Safunsa anadya phula, alamu anga. Ili si diresi la mkwatibwi loti lithine m'chiuno."

"Ndiziwakankha ineyo."

"Eya, ndiye mukapita kukagula ulusi, iye azikhala pabalaza ngati katundu, kudikira inu kuti alowe kuchipinda kwake komwe? Mukumudziwa bwino mkazi wanu. Gumulaninso."

A Telala anangoloza pamwamba pa khomo. Mtanda wa konkire wonyamula khoma unali utatsamira pa kanjerwa kamodzi mbali iyi ndi kamodzi mbali inayo, ndipo kamng'alu kanali katayamba kale kukwera. Kuchotsapo njerwa ina kunali kudzigwetsera khoma pamutu. Alamu anayang'ana nthawi yaitali, napumira m'mwamba.

"Sindikudana nanu, alamu. Mwayesetsa. Koma Loweruka tidzangodutsa pano kutenga zovala zake." Anaima pakhomo natembenuka. "Chikukucho ndasiya. M'galimoto mulibe malo."

Atachoka, a Telala sanadzuke. Mphamvu zinali zitawathera. Anakhala m'chikukumo pakati pa zidutswa za njerwa, manja ali m'mabandeji, ndipo analira, bambo wamkulu wadazi lake, misozi ikulemba mizere m'fumbi la kumaso.

Misozi itauma anamva ludzu. Pofuna kudzilanga, anati apite kukhitchini osatsika. Abale inu, nyumba imene anakhalamo zaka makumi awiri inasanduka yachilendo! Makapu anali kumwamba kosafikika. Poyatsira magetsi anachita kutokosa ndi chipande. Pagalasi la m'khonde la m'kati anangoona nsonga ya dazi lawo. Anayamba kulemba ndi choko cha utelala paliponse pamene dzanja lalephera, mpaka makoma anadzaza timizere.

Pomaliza anabwereranso pakhomo lija, nalipenyetsetsa ali chikhalire. Ndipo anaona chimene sankachiona ali chiimire. Felemu yokhayo inkadya zala zitatu mbali iyi, zitatu mbali inayo, chitseko nacho chikatseguka chinkaba malo ena.

"Chitsiru iwe," anadzinena okha mokweza. "Malaya akathina sudula munthu. Umamasula msoko."

Anaizula felemu yawo yokongola ija madzulo omwewo, mtima ukuwawa ngati akuzula dzino. Lachisanu lonse anamata m'mbali mwa khomo, akusalaza ngodya ndi botolo kuti pasakhale pokanda chigongono. Anatsitsa shelefu ya makapu ndi galasi lomwe. Kenako anavundukula makina aja. Anatenga nsalu yochindikala yabuluu imene ankasungira suti yawo, nasoka katani lalitali lofika pansi, lokoka ndi dzanja limodzi. Makinawo anaimba m'nyumba koyamba m'milungu itatu, ndipo zala zinkawawa pa msoko uliwonse.

Loweruka m'mawa galimoto ya alamu inaima panja, chikwama cha kuchipatala chili kumbuyo. A Telala anatulutsa chikuku, nathandizana ndi alamu kuwakhazika Abwana. Abwanawo anali ataonda, koma maso anali omwe aja, oona chilichonse.

"Tangobwera kutenga zovala," anakumbutsa alamu.

A Telala anagwira zogwirira za kumbuyo, koma Abwana anawamenya kadzanja. "Tasiyani, bambo. Ndaphunzira miyezi iwiri, mukuyesa ndinkasewera?"

Anakwera okha potsetsereka paja, pang'onopang'ono, akuluma mlomo. M'nyumba anayang'ana timizere ta choko, makapu otsika, galasi limene linawaonetsa nkhope yonse. Atafika pa katani anaima.

"Chitseko changa chili kuti?"

"Ndachipumitsa ntchito, Abwana."

"Nanga iyi si nsalu ya suti yanu?"

"Suti ndikanapita nayo kuti, inu kulibe?"

Abwana anakoka katani, nagwira matayala, nalowa. Manja anadutsa, zigongono zinadutsa, osakhudza khoma. Anatembenukira m'katimo, natuluka, nalowanso kachiwiri ngati sakukhulupirira. Potuluka kachitatu anagwira dzanja la amuna awo n'kuyang'ana mabandeji akuda ndi simenti.

"Izi ndiye zatani?"

"Ankayesa diresi lanu," anayankha alamu. "Linawathina."

Abwana anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo sinaleke kuseka kutatha. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya katani, naitembenuza kuona kumbuyo kwake.

"Mpendero wakhota, a Telala. Mwayamba kukalamba." Anatembenukira kwa achemwali awo. "Achemwali, tsitsani chikwama chija. Ine ndafika."

Alamu anazungulira khomolo, nagogoda pulasitala ndi chala, nayang'ana mng'alu wa pamwamba uja.

"Apa pokha muitane mmisiri aone, ndipo musanditsutse. Kubafa nakonso sindinakhutire. Ndikhala sabata imodzi, ndipo chilichonse mukakonza muziyamba mwakhala m'chikuku."

"Ndamva, alamu," anatero a Telala, ndipo ulendo uno anamvadi.

Anathamangira kugalimoto kukatenga chikwama. Pobwera anapeza katani latsekedwa, Abwana ali m'kati, akutsegula madilowa awo limodzilimodzi. A Telala anatambasula dzanja kuti akoke nsaluyo, koma analeka. Anaima panja, chikwama chili m'manja, nakonza pakhosi.

"Odi."

Kwa miyezi inayi m'nyumbamo munalibe woyankha.

"Lowani, bambo," anatero Abwana. "Koma mupukute mapazi."